Chiwindi cha Mbuzi Yanga

25 Dezembro, Natale. Tsiku lowawa ngati ndulu.

Mbuzi ija ndinaweta ndine chaka chonse, ndapha ndine m'mawa, ndasenda ndine. Mwambo wa pakhomo pano ndi woti chiwindi cha pa Natale chimawotchedwa choyamba n'kupatsidwa kwa mwamuna wa pakhomo. Chimwalirireni abambo, chimabwera kwa ine. Lero amayi achiika m'mbale ya alendo, atuma mlongo wanga Rozita, wandidutsa ngati chitsa, wakapereka kwa amuna ake, a Zakariya, okumba golide ku Fingoe aja. Mkamwini! Chifukwa choti abwera pa mota, njinga yamoto, ndi mabotolo a marefresko ndi nsalu ya kapulana ya amayi.

Ndati ndingoseka nazo. "Alamu, tafunani pang'onopang'ono, mano anuwo anazolowera miyala."

Iwo osakwiya n'komwe. "Inu alamu idyani matumbo, muzolowere. Mwamuna wa pakhomo amadziwika ndi zimene wabwera nazo."

Onse kuseka, ndi Rozita yemwe. Ine woseketsa anthu pa festa iliyonse, lero osekedwa ndine. Ndawatsata amayi kuseri kwa nyumba, ndawafunsa ngati abambo akanalola zimenezi. Akuti, "Usandichititse manyazi iwe Tome, mlendo ndi mlendo." Osandiyang'ana n'kumaso komwe, ali kalikiliki kupinda kapulana yawo yatsopano.

Alamu akuti mwezi wa mawa ndipite nawo kumigodi, ndizikawanyamulira matumba a dothi. Ndawauza kuti ine si bulu. Koma madzulo ano ndasuzumira m'khola, mwatsala mbuzi imodzi yokha, yokalamba, yosaberekanso. Matumba a alamuwo kaya amalemera bwanji, mwina ndikanangofunsa...