Fulashi ya Rodwell

Lamlungu, 14 Julaye 2024

Potuluka m'tchalitchi ndakumana ndi Rodwell wojambula zithunzi pa Msundwe uja. Akufuna webusaiti ya situdiyo yake. Ine ndi kamwa langali ndamuuza kuti n'zosavuta, agwiritse ntchito Nsungwi yathu, pulogalamu yomangira mawebusaiti. Ndamufotokozera mmene a Tobias, aphunzitsi anga akale amene anaipanga, amafotokozera: timafankishoni ting'onoting'ono, kalikonse kamalandira chinthu n'kubweza chinthu osakhudza za mnzake, iwe umangolumikiza webusaiti n'kutuluka. Sanamve kanthu koma wagwedeza mutu. Ndamuikira pa laputopu, n'kumulembera padzanja lamulo loyambira, `nsungwi new .`, kuti akatayipe pa windo lakuda lolemberamo malamulo.

Loweruka likubwerali a Tobias akaonetsa Nsungwi kwa aphunzitsi ku Namitete. Ine andipatsa ntchito yokonza mauthenga a chida cha Nsungwi cholandira malamulo otayipa kuti azimveka bwino. Yopepuka.

Lolemba, 15 Julaye

Rodwell waimba ndili m'kalasi. Poyamba sindinamve zomwe amanena, mawu amangothamangitsana. Fulashi yake ilibe kanthu. Ati wachita ndendende zimene ndinamulembera, zinthu zinayamba kutsika bwinobwino, netiweki n'kuthawa monga mwa nthawi zonse, ndiye poyang'ana fulashi yayera mbee.

Munali zithunzi za ukwati wa kasitomala wake Imelda, wa Loweruka lapitali. Sanapereke n'chimodzi chomwe. Khadi ya kamera ali nayo imodzi, anaifafaniza dzulo masana kuti akajambule ubatizo. Laputopu amabwerekana ndi mbale wake, ndiye zake zonse amasunga pa fulashi, ndipo lamulolo analitayipira momwemo.

Ndamuuza kuti mwina ndi vayirasi. Ndanena ndekha, osazikhulupirira ndekha. Chakudya chamasana chandikanika.

Lachiwiri, 16 Julaye

Si vayirasi.

Ndawerenga khodi ya chidacho mzere ndi mzere. Pansi penipeni pali kafankishoni kosesa. Kutsitsa kukalephera pakati, iko kamafafaniza foda yonse imene kamagwiriramo ntchito, kuti pasatsale zinyalala. A Tobias ndi munthu waukhondo, ngakhale choko ankachisunga m'kabokosi kake. Iwo asanayambe chilichonse amatsegula foda yatsopano yopanda kanthu, ndiye kosesako kakasesa amangoona kuti pali bwino. Sanaganizepo za ife amene timathira chilichonse pamodzi pa fulashi, nyimbo, mayeso, zithunzi, popanda foda n'imodzi yomwe.

Ndayesa ndi mafayilo achabechabe. Ndatayipa, ndazimitsa intaneti ya pafoni pakati. Psiti! Zonse.

Chondipweteka n'chakuti Nsungwi yonse timainyadira kuti sikhudza kanthu kunja kwake. Malo amodzi okha amene imakhudza zinthu za anthu ndi chida chimenechi.

Kukonza sikunavute. Tsopano chimamangira pambali, chikamaliza m'pamene chimasamutsa. Chikapeza zinthu mufoda chimaima n'kufunsa. Chikalephera chimachotsa zokhazo zimene chinabweretsa. Koma wolowetsa zosintha mu Nsungwi yeniyeni, imene anthu amatsitsa, ndi a Tobias okha. Ndawatumizira zimene ndakonzazo. Uthenga wake ndaulemba n'kufufuta, kulemba n'kufufuta. Munthu amene anandigwira dzanja kundionetsa mausi, ndimuuze bwanji kuti khodi yanu yawonongetsa ukwati wa eni? Pomaliza ndalemba kuti pepani aphunzitsi, ndi kaganizo kakang'ono chabe pa kosesa kaja, mukapeza mpata muoneko.

Lachitatu, 17 Julaye

Ayankha. Ati zikomo Esinati, ukugwira ntchito, tiziona tikachoka ku Namitete, panopa tisakhudze kanthu.

Ndidandaule chiyani? Ndinati kakang'ono, iwo amva kakang'ono. Chitsiru ndine.

Rodwell wabwera ndi fulashi madzulo kuti tiyese pulogalamu yobweza zofufutika. Tsoka lake, Lolemba lomwelo anaikamo zithunzi za anthu ofuna ziphaso, poti makasitomala sakanadikira. Zatsopanozo zinakhala pamwamba pa zakale. Zabwerako zochepa, zambiri theka lake lotuwa. Pa china Imelda akuoneka kuyambira pachipumi kufika m'mapewa, pansi pake palibe. Cha m'tchalitchi, povekana mphete, sichinabwere n'chimodzi chomwe.

Mayi ake a Imelda anapita kale ku situdiyo kawiri. Ati achibale a ku Joni amene sanabwere akudikira zithunzi. Rodwell wawauza kuti makina akuvuta.

Akanandikalipira bwenzi zili bwino. M'malo mwake wandifunsa motsitsa mawu, "Kodi aphunzitsi, ndinalakwitsa potayipa eti?"

Ndamuuza kuti ayi, iye sanalakwitse kanthu, cholakwa ndi chida chathu ndipo amene anamupatsa ndine. Wangoti chabwino, n'kukwera njinga yake. Sanamwe n'tiyi yemwe.

Lachinayi, 18 Julaye

Uthenga pa gulu la aphunzitsi, wochokera kwa a Tobias: aliyense abwere ndi fulashi yake Loweruka, tidzagwirira ntchito momwemo kuti mudzapite nazo kwanu.

Mayo ine. Mafulashi a aphunzitsi ndimawadziwa. Mayeso a teremu ino amene sanalembedwe, malikisi a ana, zikalata zofunsira ntchito, zithunzi za maliro. Ndipo netiweki ya m'holo ya ku Namitete ija imathawa munthu akangotseka chitseko.

Ndawaimbira. Ndayamba ndi moni, mwendo wawo uja ukupeza bwanji, amayi kunyumba, adzukulu. Iwo ayamba za mipando ndi pulojekita yobwereka. Ndimati ndilowetse nkhani yanga, ndati paja kaganizo kaja, iwo ati eya eya ndakaona, usade nkhawa, ndiwe wakhama kuyambira kale. Ine n'kunena kuti zikomo aphunzitsi. Zikomo! Foni n'kuduka.

Ndingathe kulemba pa gulu kuti musabwere ndi mafulashi. Koma kumeneko n'kuwavula pagulu, anthu asanaione n'komwe Nsungwiyo. Zaka zonsezi akuimanga okha.

Mutu ukundiwawa. Sindinachonge makope a Fomu 2.

Lachisanu, 19 Julaye

Ndapempha ahedi kuti ndichoke masana, ndakwera kabaza wa njinga yamoto mpaka kwa a Tobias ku Nsaru. Fumbi lake, ndafika nsidze zili zofiira. Njira yonse ndimayeseza mawu. Pofika pageti onse anali atathawa.

Ndawapeza pakhonde akusindikiza mapepala a mawa, atavala juzi yawo yobiriwira ija. Akondwa kundiona. Amayi, akazi awo, andipatsa madzi ndi mtedza wokazinga. Ndakhala pamkeka, iwo pampando patebulo, monga kale. Tacheza za kuzizira. Ndimamva ndekha kamwa likuyamba kale kunena kuti pepani, kakang'ono chabe.

Ndiye ndasiya kulankhula. Ndawapempha fulashi yawo. Aitulutsa m'thumba la malaya osafunsa, ili pa kachingwe kofiira. Ndadzuka, ndaiika pa laputopu yawo, ndalumikiza intaneti ya foni yanga. Zawo zonse zaonekera pagalasi la laputopuyo: mapepala a penshoni, maulaliki awo a ku mpingo, zithunzi za malemu mwana wawo Francis. Ndatsegula windo lakuda momwemo n'kutayipa `nsungwi new .` koma osadina. Ndawatembenuzira laputopu.

"Aphunzitsi, dinani. Ikafika pakati ine ndizimitsa foni, ngati mmene netiweki idzachitire mawa."

Aseka pang'ono, ati Esinati masewera anji amenewa. Ndati si masewera, Rodwell wa pa Msundwe anadina Lolemba, zithunzi zonse za ukwati wa Imelda zinapita, ndipo chinafafaniza ndi kosesa kanu kaja. Ndanena choncho, kanu. Amayi anali pakhomo ndi mbale, angoima.

A Tobias ayang'ana pagalasi nthawi yaitali. Chala chinali pamwamba pa batani. Ndimaona maso awo akutsika mzere wa mafayilo, n'kuima pa dzina la Francis. Kenako achotsa dzanja. Atseka windo, azula fulashi bwinobwino, aibweza m'thumba n'kumanga batani la thumbalo.

Sanandiyang'ane. Afunsa ngati zithunzi za mwana wa eniyo zabwerako. Ndati zochepa, zambiri theka lake lotuwa. Kenako afunsa ngati Rodwell amatsegula situdiyo Lamlungu masana, ati apitako okha.

Atatero adzuka ndi mwendo wawo wovutawo, akokera mpando kumbuyo.

"Khala apa. Tsegula zimene unatumiza zija."

Ndakhala. Iwo aima kumbuyo kwanga, akupukuta magalasi ndi juzi.