Kachala ka Madamu

Lachiwiri, 4 Malichi

Madamu awachotsa pulasitala. Dzanja lapola, koma kachala kakumapeto kudzanja lamanja kakukana kupinda, kangoti njo ngati kakuloza munthu. Chitseko cha galimoto chija chinatilakwira.

Tsoka lake, pakiyibodi wamba kachala kameneka ndiye kapolo: batani la Enta ndi iko, mabulaketi ndi iko. Abwana awo akuti Lolemba abwerere, ndipo akamachedwa polemba mapulogalamu a pakompyuta awasamutsira koyankha mafoni a makasitomala. Madamu koyankha mafoni! Munthu woti foni ya mayi ake omwe amangoiyang'ana ikulira.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndafukula kiyibodi wanga wogawika pakati uja, wakhala m'kabati chigulireni. Dzanja lililonse mbali yake, mabatani atatuatatu pansi pa zala zazikulu, ndipo batani lililonse umaliuza wekha chochita. Pulani: ntchito yonse ya kachala ipite ku zala zazikulu. Zadya zaulere mokwanira.

Lachinayi, 6 Malichi

Tebulo lodyera ladzaza timabatani, tadyera pamiyendo. Ndawerengetsa kompyuta zizindikiro zomwe zimabwera kawirikawiri m'mapulogalamu. Wapambana ndi ; ndiye ndamupatsa malo abwino koposa. Kudzitama n'koipa, koma mutuwu umagwira.

Lachisanu, 7 Malichi

Ndagwa nayo.

Angolemba mzere umodzi, n'kuima. "Bambo, ka ; aka mwakalemekeza chonchi chifukwa chiyani? Ine sindikagwiritsa ntchito n'komwe. Kwanga ndi : ndi _ tsiku lonse."

Nanga _ ndinamuika kuti? Pansi pa kachala komweko. Ndinawerengetsa mapulogalamu anga, osati awo, chonsecho ndikudziwa kuti timalemba m'zinenero za pakompyuta zosiyana. Kusokera munthu malaya ukuyeza thupi lako.

Anaseka. Kenako analowa kubafa n'kukhalitsa, madzi osamveka. Zandiwawa kwambiri.

Loweruka, 8 Malichi

Lero pakamwa ndatseka. Iwo akulemba, ine ndikuyang'ana manja basi. Chala chikapita pomwe palibe kanthu, ndikumatapo katepi, kenako ndikusamutsira chizindikirocho pomwepo. Zala zawo zimadziwa kale komwe zikufuna, ndimangochedwetsa ndine.

Ngozi imodzi yokha: Enta anayandikana ndi batani lofufutira, ndiye uthenga wapita kwa mlamu wanga uli theka: "Amuna angawa ndi". Mlamu wayankha kuti akudziwa kale.

Lamlungu, 9 Malichi

Chibwerereni kutchalitchi ali patebulo. Poyamba kunkamveka ta... ta... ngati denga lodontha. Pofika madzulo, tatatata osapuma, kachala kali m'mwamba, kopanda ntchito ngati bwana.

Ndinasendera pafupi, ndati mwina tisinthe pamene pali mabulaketi.

"Musakhudze," anatero, maso ali pasikirini. "Ndipo tasunthani, mukunditchingira kuwala."

Ndasuntha. Panopa kiyibodi wanga ali m'chikwama chawo cha kuntchito, ndi chingwe changa chomwe. Sanapemphe n'komwe.