Fomu Pansi pa Sangweji

Lolemba, 20 Januwale

Chakudza sichiyimba ng'oma. Ng'anjo yachiwiri yazimitsidwa m'mawa uno. Apeza kamng'alu pa paipi ya madzi mkati mwenimweni, kochepa ngati tsitsi, koma lamulo ndi lamulo. Nthawi yakenso abale! Pa wailesi akuti Lachinayi kukubwera kuzizira kosasewera nako. Theka la magetsi a muno mu Illinois limachokera ku ng'anjo za nyukiliya ngati zathuzi, ndiye imodzi ikangogona nyengo ngati ino, aliyense amamva.

A Hruska, kapitawo wathu, anatisonkhanitsa owotcherera tonse n'kundiloza ndi kapu ya khofi. "Corinne mwana wanga, imeneyi ndi yako. Wa setifiketi ya chitsulo chimenechi pano ndiwe wekha." Anzanga m'manja phuphuphu, ine kumwetulira ngati chitsiru. Fungo la khofiyo linatsala pang'ono kundisanzitsa pa nsapato zawo.

Ndili ndi pakati pa masabata khumi. Palibe akudziwa, ngakhale mwamuna wanga Lyle.

Lachiwiri, 21 Januwale

Lyle wanyamuka ndi gulu lake lokonza mawaya, akakhala kumpoto mpaka Loweruka. Za paipi sindinamuuze.

Odessa, amene amatiyezera cheza choopsa cha m'ng'anjo, wayendera malowo. Akuti pa ntchito yonse thupi langa litenga cheza cha mlingo wa 400. Kwa munthu wamba si kanthu, malire athu ndi 5,000 pa chaka. Koma woyembekezera ndi 500 basi, miyezi yonse isanu ndi inayi. Ndiye mu Disembala, ndisanadziwe, kawotchi kanga ka pachifuwa koyezera cheza kanawerenga kale 180.

Lamulo lakenso ndi lamtundu wake. Pano sukhala ndi pakati mpaka utalemba wekha papepala. Mimba ifike pamphuno, palibe angakufunse kapena kukuchotsa pa ntchito. Koma ukangosaina, mawa lake siteshoni yonse yadziwa. Ndinasainapo kawiri ine. Kawiri konse ndinapita padera, kawiri konse ndinabwerera kudzayenda pakati pa amuna makumi anayi ongoyang'ana pansi. Lyle anapenta kachipinda ka mwana utoto wachikasu, kenako anakatseka, sakatsegulanso. Ndinalumbira kuti ulendo uno pakamwa ndi potseka mpaka miyezi inayi.

Lachitatu, 22 Januwale

Odessa wandipeza ndikusanza kubafa. Anasamba m'manja nthawi yaitali, maso pagalasi.

"Asisi, ine sindinaone kanthu, ndipo malamulo sandilola kufunsa. Koma zakudya za pa kantini sizoipa chonchi ayi."

Masana ndikutsegula chikwama cha chakudya, fomu yonenera za pakati ija ili pansi pa sangweji. Mayi ameneyu koma!

Ndinaimbira dokotala. Akuti mlingowo ndi wochepa, mwina palibe vuto. "Mwina" ameneyu ndinamumva kale kawiri.

Ndinayesa kufunsa a Hruska moseka kuti nanga nditadwala? Sanaseke. "Usandiseweretse iwe. Wina wa setifiketi ali ku Georgia, dzina lake Boyd. Ndege, mapepala, mayeso oona luso la dzanja lake, ndi masiku awiri amenewo. Masiku awiri kuzizira kumeneku, anthu azizimitsiridwa magetsi mosinthana. Wadwala?"

Ndinati ayi bwana. Ndagwira njakata, ndipo mantha ndili nawo.

Lachinayi, 23 Januwale

Kuzizira kuja kwafika. Mpweya ukubaya m'mphuno ngati singano. Akuti mapaipi a gasi kwina aundana, mphepo yoyendetsa makina opanga magetsi a m'minda nayonso yati zii. Dera lonse la Illinois maso ali pa paipi yathu.

Ndinavala zonse, ovololo, magolovesi awiri, tepi m'mikono. Ndinali nditaganiza kuti ndingolowa, ndiwotcherere msanga, ndituluke, basi. Pakhomo lolowera ku ng'anjo Odessa ananditambasulira kawotchi kanga. Ndinagwira, iye osasiya. Tinaima choncho ngati ana olimbirana chidole, anthu asanu ali pamzere kumbuyo.

Ndinangomva pakamwa panga pakufunsa kuti, "Muli ndi cholembera?"

Anali nacho kale m'dzanja linalo.

A Hruska anawerenga fomu ataimirira. Anavula magalasi, kupukuta, kuvalanso. "Mulungu akusungire mwanayo," anatero. Kenako motsitsa mawu: "Koma Corinne, ukanandinong'oneza Lolemba, bwenzi Boyd ali muno kale."

Akanandilalatira bwenzi zili bwino. Akunena zoona. Masiku awiri amenewa sanadyedwe ndi mwana, adyedwa ndi kutseka pakamwa kwanga.

Lachisanu, 24 Januwale

Magetsi azima kanayi lero, ola limodzi ndi theka ulendo uliwonse. M'nyumba mpweya ukuoneka ukamapuma. Amayi Dombek oyandikana nawo, a zaka 84, awatengera ku holo ya sukulu atawakulunga mabulangete. Podutsa anandibayibitsa: "Inu a ku siteshoni limbikirani, tikudalira inu!" Ndinabayibitsanso. Manyazi ake, ndikanakonda nthaka itang'ambika.

Odessa watumiza uthenga: Boyd wafika, dzanja lake ndi labwino, ng'anjo idzuka Lamlungu. Pansi pake walemba kuti, "Idyani."

Loweruka, 25 Januwale

Lyle walowa cha m'ma naini m'mawa, magetsi atangozimanso. Ndevu zoundana, maso ofiira, milomo yong'aluka. Sanavule n'komwe nsapato, anayambira pakhomo pomwe.

"Masiku anayi ndili pamwamba pa mapolo ngati nyani, zala sindikuzimva. Ndiye ndikumva kuti wowotcherera wina kwanuko anachita mantha pakhomo penipeni, atavala kale! Ndani mwa anzako aja, Corinne? Ndiuze, ndikufuna ndimuone nkhope."

"Mukuyiona," ndinatero.

Anaseka, kenako anasiya. Ndinatulutsa kope la fomu m'thumba n'kumupatsa. Anapita nalo pawindo, magolovesi ali m'manja. Anawerenga kawiri, milomo ikuyenda.

"Masabata angati?"

"Mkuja akwana khumi ndi limodzi."

"Ndipo unasenza wekha zonsezi?"

Ndinadikira kuti anene za mapolo aja, za amayi Dombek, za Lolemba. Anavula chijasi chake cha ntchito, chonunkha dizilo, n'kundifunditsa mpaka m'khosi, kumanga mabatani onse ngati akuveka mwana. Kenako anapita kuseri.

Ndikulemba izi ndili m'chijasicho, magetsi sanayakebe. Chitseko cha kachipinda kachikasu chimauma chikakhalitsa. Ndikumumva akuchikankha ndi phewa.