Mfuti Yokhota ya Bambo Thielen

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA GULU LA ALENJE A KU DORNSCHEID

Tsiku: Lachitatu, 12 Novembala 2003
Malo: Nyumba ya alenje, chipinda cha kuseri

Opezekapo: Bambo Ortwin Krämer (wapampando), Bambo Benno Wirtz (msungichuma), Mayi Gundula Pütz (mlembi), Bambo Alois Thielen, Bambo Detlef Hammes.

Osapezekapo: Bambo Lothar Mies. Anatumiza mawu akuti msana wawagwira. Msana umenewu umawagwira nthawi zonse pakakhala nkhani yofuna kukweza dzanja.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 3 koloko masana. Anapempha kuti tiimirire mphindi imodzi pokumbukira malemu Matthes Thielen, mkulu wawo wa Bambo Alois Thielen, amene anatsogolera gulu lino zaka zambiri ndipo tinawaika m'manda mwezi watha. Mphindiyo sinakwane, poti a Wirtz anali atayamba kale kutsegula chikwama chawo.

2. Zolembedwa za msonkhano wapita

Zinavomerezedwa. Palibe amene anaziwerenga.

3. Mfuti zimene malemu anasiyira gulu

Wapampando anafotokoza kuti malemu analemba kuti mfuti zonse za m'kabati yawo zikhale za gulu, ndipo zilipo zisanu ndi zinayi. Anati malamulo a masiku ano salola kusunga mfuti m'kabati yamatabwa, ndipo kabati yachitsulo imene gulu lagula imalowa mfuti zisanu zokha. Choncho zinayi ziyenera kuchoka. Mlembi anafunsa kuti anasankha kabati yaing'ono choncho ndani. Wapampando anati ndi iwowo, ndipo nkhaniyo siili pa mndandanda wa zokambirana.

(a) Kagulitsidwe

A Wirtz anati pofuna kupeputsa ntchito, iwo akhoza kugula zinayizo pa mtengo wa pachibale. Mlembi, amene akuudziwa bwino mtengo wa pachibale wa a Wirtz, anapereka ganizo lakuti pasapezeke membala wa gulu, kapena m'bale wake, wogula kapena kutenga mfuti iliyonse mwa zimenezi. Zonse zochoka zipite kwa wogulitsa mfuti wa m'tauni, ndipo imene iye akane ikaperekedwe kwa apolisi kuti akaidule. Wapampando anavomereza ganizolo mwamsanga. Chiyambireni ulembi wanga anali asanavomerezepo ganizo langa, ndipo ndinayenera kudabwa pomwepo. Onse anakweza manja, a Wirtz pomalizira.

(b) Zosavuta

Panalibe mkangano pa mfuti zinayi zosunga: ziwiri za nguluwe zimene mamembala atsopano amabwereka, ina ya abakha, ndi yaing'ono ya nkhandwe. Zitatu zogulitsa zinasankhidwanso mosavuta. Patebulo panatsala mfuti ziwiri, m'kabati malo amodzi.

(c) Ziwiri zotsala

Yoyamba ndi ija yasiliva, yozokotedwa masamba ndi mitu ya nguluwe, imene malemu anapatsidwa ngati mphatso ndipo sanailowetsepo m'tchire, ankati imathawitsa nyama ndi kunyezimira. Yachiwiri ndi ija aliyense kuno amaitchula kuti yokhota.

Ndilembe mbiri yake, chifukwa odzawerenga m'tsogolo adzaiona ngati chikuni. A Alois Thielen ali mnyamata anataya diso lamanja pa uzimba. Chipolopolo cha mkulu wawo Matthes chinagunda mwala, kachidutswa n'kubwerera n'kuwalasa m'disomo. Munthu wozolowera phewa lamanja sangalunjike ndi diso lamanzere pa mfuti yowongoka, ndiye a Matthes anagulitsa njinga yamoto yawo, n'kukasemetsa mfuti ya mtengo wopindika, yoti ikhale paphewa lamanja koma mpope wake uyang'anizane ndi diso lamanzere. Palibe wina amene angaombe nayo n'kulasa ngakhale khomo la khola, ndipo a Alois sangaombe ndi ina. Atasamukira ku nyumba ya okalamba zaka zitatu zapitazo, kumene mfuti siziloledwa, anailembetsa m'dzina la mkulu wawo, ndipo ankakaitenga tsiku la uzimba lokha. Ndi mmene inalowera m'gulu la mfuti za malemu.

Wapampando anati katundu wa gulu ayenera kukhala wothandiza gulu lonse osati munthu mmodzi. Anati yasiliva ikhoza kubwerekedwa kwa alendo a ku Düsseldorf amene amabwera kudzasaka nafe, poti mlendo ndi mame, tiyenera kumusangalatsa.

A Thielen anafunsa kuti, "A Tcheya, alendo anuwo amabwera ndi mfuti ziwiriziwiri m'zikwama zachikopa. Yachitatuyo aziombera ndi mwendo?"

Wapampando anapempha kuti tilankhule mwaulemu.

A Wirtz anati iwo nkhani ya chisoni sakuikana, koma yokhota ilibe mtengo. Anaulula kuti anaimbira kale wogulitsa mfuti sabata yatha, ndipo iye anaseka n'kunena kuti sangailandire ngakhale yaulere. Mlembi anafunsa chifukwa chimene anaimbira za mfuti imene komiti inali isanagamule. A Wirtz anati kukonzekeratu si mlandu.

A Thielen anati, "Ndiye mwamva nokha. Yasiliva ili ndi msika, yanga ilibe. Gulitsani ya msikayo, ana inu. Ine sindikupempha ndalama, ndikupempha msomali umodzi m'kabati."

Mlembi anati ngati vuto ndi malo, kabati yake ya kunyumba ili ndi malo, aigula yekha mfutiyo n'kumawasungira a Thielen. Wapampando anatsegula manja n'kunena kuti akanakonda, koma komiti yangogwirizana kumene kuti membala asagule kapena kutenga mfuti iliyonse, ndipo mwini ganizolo ndi mlembi yemweyo. Anandipempha kuti ndiwerenge mokweza zimene ndinalemba pa 3(a). Ndinawerenga. Ndinapempha kuti lamulolo libwezedwe, koma wapampando anati mfundo yogamulidwa sibwereranso pa msonkhano womwewo, ndipo mfuti zochoka ziyenera kuchoka sabata ino kabati yamatabwa isanatipezetse mlandu. Ndinatchera a Wirtz msampha, wagwira nkhalamba, ndipo zikundiwawa mpaka pano.

A Thielen anatembenukira kwa a Hammes, amene anali asanalankhule chiyambire msonkhano. A Hammes anakula wopanda bambo, ndipo amene anawaphunzitsa kusaka ndi a Thielen. Nguluwe yawo yoyamba anaiphera pa nsanja yodikirirapo nyama ya a Thielen, ndipo mpaka lero a Hammes ndi amene amakatenga a Thielen pa galimoto ku nyumba ya okalamba.

"Iwe Detlef, wameza lilime?"

A Hammes anati, "Madala, musandione choncho. Chaka chatha pa makwerero a nsanja paja munaterereka, ndinakugwirani ndine. Mwana wanu anandiimbira akulira. Zaka zapita, Madala. Mwina ndi mpata woti mupume."

"Ndinaterereka chifukwa makwererowo unakhoma ndiwe. Nanga nguluwe ziwiri za tsiku limenelo anapha ndi mwana wanga?"

A Hammes anati iwo akungowafunira zabwino. A Thielen anati zabwino zimene akuwafunira anthu masiku ano zawakwana, ku nyumba ya okalamba amawadulira ndi soseji yomwe.

Wapampando anaitanitsa voti. Osunga yokhota: mlembi ndi a Thielen. Osunga yasiliva: wapampando, a Wirtz, ndi a Hammes, amene anakweza dzanja mpaka pa khutu pokha akuyang'ana patebulo. Mlembi anafunsa ngati dzanja limenelo ndi voti kapena akukanda. A Hammes anati ndi voti.

Chigamulo: yasiliva isungidwe. Yokhota, poti wogulitsa waikana, ipite kwa apolisi Lachisanu. A Wirtz anadzipereka kukaisiya.

4. Malo pa uzimba wa Loweruka, 22 Novembala

Wapampando anati poti a Thielen tsopano alibe mfuti, nsanja ya pa khwawa, imene akhala akukhalapo kuyambira ine ndisanalowe m'gululi, ipatsidwe kwa mmodzi wa alendo. Aliyense akudziwa kuti nguluwe zikathawa agalu zimadzera pa khwawapo, ndipo chaka chatha alendo anabwerera kwawo osaombako, n'kudandaula. Mlembi anafunsa ngati mlendoyo wauzidwa kale. Wapampando anati anangomutchulira pang'ono pa maliro.

"Pa maliro a achimwene?" anafunsa a Thielen.

Wapampando anati nkhani inangobwera yokha pomwa khofi. Malo ena onse akhala monga chaka chatha.

5. Zina ndi zina

A Wirtz anati galasi loonera patali la pa mfuti yokhota ndi labwinobwino ndipo likhoza kugulitsidwa palokha, choncho lichotsedwe mfuti isanapite kukadulidwa. Anayesa kulimasula ndi mpeni wodyera, mpeni n'kuterereka, n'kukala mtengo wa mfutiyo. A Thielen anati, "Bweretsani kuno, mukuipweteka." Analimasula okha, n'kulipukuta ndi mpango wawo, n'kulipereka. Kenako anaikweza mfutiyo paphewa kamodzi, yopanda chipolopolo, atalozetsa pazenera. Atatero anaibweza patebulo.

Wapampando anati gulu silingataye munthu ngati a Thielen, ndipo ali ndi nkhani yabwino. Anati pa uzimba pamafunikanso oswa tchire, aja amayenda ndi agalu akukuwa ndi kumenya mitengo kuti nguluwe zivumbuluke, ndipo palibe wodziwa nkhalango yathu kuposa a Thielen. Anatulutsa pansi pa tebulo ndodo yatsopano ndi chovala chofiira cha oswa tchire, n'kunena kuti ndi mphatso ya komiti. Mlembi akufuna zidziwike kuti komiti sinakambiranepo za mphatso imeneyi, ndipo zinthuzo zinali pansi pa tebulopo voti isanachitike.

A Thielen anaimirira. Mawu awo ndawalemba monga anawanenera.

"Zikomo, a Tcheya. Achimwene anandichotsa diso limodzi mwangozi, analira chaka chathunthu, n'kundilipira ndi mfuti. Inu mwandichotsa lotsalali mutakhala pansi, mutakweza manja, ndipo mukundilipira ndi ndodo. Iwe Detlef, Loweruka usavutike kudzanditenga. Ukhale bwino pa nsanja yako, umaomba bwino, ndinakuphunzitsa ndine."

Wapampando anapempha kuti mawuwa asalembedwe, poti mkuluyu walankhula ndi mtima wa maliro. Mlembi anati ganizo limenelo liperekedwe pa msonkhano wina, poti lero waphunzira kuti zolembedwa sizibwerera.

6. Msonkhano wotsatira

Lachitatu, 10 Disembala 2003, malo omwewa. Pa mndandanda: mtengo umene mfuti zagulitsidwira, ndi kusankha membala wina wa komiti ngati padzakhale mpando wopanda munthu.

7. Kutseka

Wapampando anatseka msonkhano nthawi ya 4:40 madzulo ndipo anaitanira onse ku supu wa nsawawa ndi soseji. A Thielen sanadye. Chovala chofiira anachisiya pampando. A Hammes anawatsatira panja ndi makiyi m'manja, mlembi nayenso, koma a Thielen anakana galimoto zonse ziwiri. Ndodo yokha anaitenga, chifukwa ku nyumba ya okalamba n'kutali ndipo njira yake ndi yokwera.

Wapampando: Ortwin Krämer

Mlembi: Gundula Pütz