Kompyuta Yopanda Zithunzi Ija Yanditsegulira

Bambo a Pilirani,

Pepani ndachoka musanaweruke kumunda wa tiyi, ndathamangira kusukulu ku Milonde. Koma ndathana nayo! Kompyuta ya pashelefu ija, yosunga zowerenga za ana anga a fomu folo, yandilola kulowa.

Masiku atatu ndakhala ndikuyesa kulowamo pa laputopu ndili kusukulu, iyo zii. Ndinasintha pasiwedi, ndinakayikira waya, mpaka ndinatukwana netiweki yosalakwa. Kani wolakwa ndimagona naye nyumba imodzi! Mvula ya ziphaliwali ikayamba mumazula zonse kukhoma, ndiye kompyutayo ikayakanso imatenga adiresi ina ya pa netiweki. Ine ndimangogogoda pakhomo lakale. Lero ndayipatsa adiresi yokhazikika, ndayesa pa foni ndili kuseri kwa bafa, yatseguka kamodzi n'kamodzi. Ndavina ndekha nkhuku zikundiyang'ana.

Tsono mukaona galasi lake lada bii, pali timalemba toyera tokha, musaganize kuti yafa. Zithunzi ndinazichotsa dala. Musayifunditsenso chitenje, imatentha. Mabingu akayamba, zulani wayilesi yanuyo, koma iyi mundiyimbire kaye.

Mayeso ayamba Lolemba, ndipo ana zowerenga azipeza lero lomwe. Madzulo mudzandichingamire pa siteji. Injiniya sadzinyamulira chikwama.

Ndine make Pilirani,
Esteri