Fodya wa achimwene ndi mphaka wodzandira

Aphungu,

Musandiseke chonde. Ndikudziwa kuti anzanga amakulemberani za mabanja ogwedezeka ndi zibwenzi zosokonekera, pomwe ine ndabwera ndi nkhani ya mphaka. Koma mtima wanga uli m'mwamba, ndipo ndilibe munthu woti ndingamuuze popanda kuyalutsa m'bale wanga.

Ndine telala. Ndimakhala ndi achimwene anga aakulu, amakanika a pa galaja ina ya kufupi ndi kwathu. Banja langa litatha, ndi iwowa amene anabwera kudzanditenga pamodzi ndi makina anga osokera, osandifunsa funso ngakhale limodzi. Nyumba yathu ndi ya lendi, ndipo mayi eni ake amakhala m'nyumba yakutsogolo, mpanda umodzi. Ine ndimasokera pakhonde. Kumbuyo kuli kachipinda kosungiramo katundu, ka zenera limodzi laling'ono.

Mphakayo ndinamupeza chaka chatha, makoswe atandibowolera diresi la mwini lomwe linali litangotsala zipi yokha. Ndinamutcha Kapitawo chifukwa amakhala pathebulo n'kumayang'anitsitsa msoko uliwonse ngati ndi iye anandilemba ntchito. Makoswe anathadi. Koma kunena zoona, Aphungu, Kapitawo sindimuonanso ngati wa makoswe chabe. Masiku oyamba aja, za banja lija zikadandiwawa, pomwe ndinkasoka misozi ili chuchuchu, ndi iyeyu amene ankandikhala pamiyendo.

Vuto ndi ili. Achimwene amasuta chamba, chomwe iwo amachitchula mwaulemu kuti fodya wamkulu. Sasokoneza munthu, ntchito sajomba. Amabwera masana pa nthawi yopuma, n'kulowa m'kachipinda kaja, kutseka zenera, kutseka chitseko, n'kutsekanso mpata wa pansi pa chitseko ndi thawulo lakale kuti fungo lisafike kwa eni nyumba. Ine nditaona kuti fungolo likulowerera nsalu za makasitomala, ndinazisamutsira kuchipinda kwanga. Ndinangosiyamo dengu la tizidutswa ta nsalu, lomwe ndi bedi la Kapitawo. Chiyambireni kuzizira, masana onse amagona mmenemo, ndipo achimwene samutulutsa. Amati, "Ameneyu ndiye mnzanga weniweni, sakanena za munthu."

Milungu itatu yapitayi, achimwene atangobwerera kuntchito, Kapitawo anatuluka m'kachipindamo akudzandira. Maso anali akuda bii ngati mabatani a jekete, dovu likutuluka kukamwa. Anayesa kudumphira pathebulo, malo oti amafikapo tsiku ndi tsiku, koma anaphonya n'kugwera pa chopondera cha makina. Pomwe anagwerapo panatsala timadontho ta mkodzo. Sizasi itandipulumuka n'kugwa pansi, anadzidzimuka ngati wapsa ndi moto. Kenako anagona osadya mpaka mawa lake.

Ine, pokhala ndinakula ndikumva kuti mkaka umapha poizoni, ndinamutsegula kukamwa n'kumamuthira ndi sipuni. Anatsamwa, anatsokomola mpaka ndinayesa ndamupha ndi manja anga. Chichitikireni zimenezi wadzandiranso kawiri, nthawi zonse masana omwewo. Tsopano wayambanso kachifuwa: amanyonyomala, kutambasula khosi, n'kumatsokomola osatulutsa kanthu.

Nditawauza achimwene anaseka. Anati, "Iwe, unamva kuti mphaka angaledzere ndi utsi? Wadya buluzi ameneyu." Nditanena kuti ndipita naye kwa dokotala wa ziweto, kuseka kuja kunatha. Anati, "Mlongo wanga, pita, sindikukuletsa. Koma pakamwa usamale. Eni nyumba akamva, tonse tigona kuti? Nanga bwana wanga?"

Ndinapitadi. Adokotala, mayi wodekha bwino, anandifunsa ngati tinaika mankhwala a makoswe, kapena kupopera a mphemvu. Ndinati ayi. Kenako anati, "M'nyumbamo muli wosuta?" Ine ndinati, "Eya, achimwene amasuta fodya." Ndinathera pomwepo, Aphungu. Mawu oti "wamkulu" anafika pakhosi, ndinawameza. Adokotalawo anamva ngati ndikunena ndudu za kugolosale. Anati, "Utsi wa ndudu ungamutsokomoletse, koma kudzandira kotereku ayi. Mwina ndi khutu, mwina vuto lili m'mutu." Anandipatsa mapilitsi n'kuti ndibwererenso pakatha milungu iwiri akamuyeze magazi.

Ndinatuluka ndikudziuza kuti sindinaname. Koma m'mawa uliwonse ndikamamumwetsa piritsi ndimaganiza kuti mwina ndikumupatsa mankhwala a matenda omwe alibe. Dzulo ndinasoka mkono wa malaya chotembenuza, ine amene ndakhala pa makina zaka zisanu ndi zitatu.

Ndiuzeni zoona. Kodi utsi wa chamba ungamupweteke mphaka amene sakusuta ndi iye? Kodi afa? Nanga ndikabwerera kwa adokotala ndikanene zonse, n'kumuyalutsa munthu amene ananditola nditasowa mtengo wogwira?

T.N., telala wa pakhonde

Aphungu akuyankha:

Achemwali atelala,

Sindikukusekani, ndipo sindizungulira. Eya, utsi wa chamba umamufika mphaka. Mapapo ali nawo ngati inu ndi ine, koma thupi lake lonse silikwana ngakhale mwendo umodzi wa achimwene anu. Zomwe iwo amati pang'ono, kwa iye n'zambiri. Ndipo mphaka samva kukoma ayi. Miyendo ikayamba kumukana, iye sadziwa chomwe chamugwera, amangogwidwa ndi mantha.

Taonani mmene kachipindako kakhalira. Zenera lotseka, chitseko chotseka, thawulo pansi. Achimwene anu ayesetsa kuti utsi usatuluke, ndipo wakanikadi kutuluka. Ndiye ukupita kuti? Wina akuupuma Kapitawo, wina ukumumatirira pa ubweya ndi pa tizidutswa tomwe amagonapo. Mphaka amasamba ndi lilime, choncho chomwe chatera pa ubweya chimathera m'mimba. Komanso ngati pansi pamagwera zotsalira za ndudu kapena timasamba, n'kutheka kuti akutafunako, ndipo kudya kumapweteka kuposa kupuma. Kachifuwako nakonso musakapeputse. Utsi wa mtundu uliwonse umapsereza njira za mpweya za mphaka, ndipo amphaka ena amadwala mphumu.

Apa ndikukokani khutu pang'ono. Mphuno yanu inakuuzani kalekale kuti m'kachipindamo simuli bwino, n'chifukwa chake munatulutsa nsalu za eni. Wamoyo ndiye munamusiya momwemo. Sindikunena izi kuti mulire, koma kuti muone kuti yankho munali nalo kale.

Kodi afa? Amphaka ambiri omwe apuma kapena kudya chamba amachira akasamalidwa ndiponso akasiya kukumana nacho. Koma ine sindinamuone Kapitawo, ndipo pali china chomwe chikundiopsa kwambiri. Kudzandira, dovu ndi tulo tosadzuka zimabweranso ndi ziphe zina zoopsa kuposa chamba. Achimwene anu ndi amakanika. Madzi a mtundu aja omwe amathira m'galimoto kuti injini isatenthe amapha mphaka ngakhale atanyambita ochepa. Ngati m'kachipindamo muli kachigubu kotere, kapena ovololo yonyowa nawo, nkhaniyo ndi ina. Woti asiyanitse zimenezi ndi dokotala, ndipo sangasiyanitse mutamupatsa theka la nkhani.

Mukuti simunaname. Achemwali, tisanamizane. Munadziwa kuti adokotala amva ndudu wamba, ndipo munawasiya amve choncho. Mawu amodzi omwe munamezawo ndi amene awatumiza kukafufuza kukhutu ndi m'mutu. Musadikire milungu iwiri ija. Pitani mawa, kapena imbani foni, mukanene kuti, "Fodya uja ndi chamba, amasutira m'chipinda chotseka, mphaka ali momwemo." Mukanenenso za mkaka uja, ndipo mapilitsiwo mukawafunse ngati apitirire. Musawasiye kapena kuwaonjezera mwa nzeru zanu. Adokotala akufuna kudziwa chomwe chalowa m'thupi la nyama. Dzina la wosuta, galaja yake ndi nyumba yomwe mumakhala sizichiza mphaka, ndipo simukakamizidwa kuzitchula.

Za mkaka, lekeranitu. Mkaka supha poizoni, ndipo amphaka ambiri umangowatsegula m'mimba. Choopsa n'chakuti nyama yofooka imalephera kumeza bwino, ndiye zomwe mukuithira kukamwa zingalowe m'mapapo. Musamuthire mkaka, mafuta kapena madzi amchere oti asanze. Akafooka, muikeni pa malo ofunda, opanda phokoso, pansi pomwe sangagwe, madzi ali pambali kuti amwe yekha.

Lero lomwe tulutsani dengu lija. Tizidutswa tomwe tamwa utsi tayani, muikemo tina, dengulo likhale pafupi ndi makina anu. Sesani ndi kukolopa kachipindako, ndipo Kapitawo mumupukute ndi kansalu konyowa ndi madzi ofunda. Kuyambira pano chitseko chimenecho kwa iye n'chotseka, kaya achimwene alimo kaya mulibe.

Tsopano achimwene. Munthu amene anakutengani osakufunsani funso si wouma mtima. Kuseka kuja ndi manyazi, ndipo za buluzi zija ngakhale iwo sakuzikhulupirira. Musawayambe akungofika ndi mafuta m'manja, ndipo musawalalikire. Apezeni atakhala pansi muwauze kuti, "Achimwene, mnzanu uja akudwala, ndipo kwa adokotala ndikanena chomwe wapuma, osati amene wasuta." Muwafunsenso za madzi a galimoto aja. Kuthokoza m'bale sikutanthauza kumusungira chinsinsi mpaka chamoyo chikufereni m'manja. Za kusuta kwawoko, malamulo ake ndi chifuwa chawo chomwe, ndi nkhani yofunika kuti mudzaikambe pa tsiku lake. Munthu wodzitsekera mu utsi masana aliwonse nayenso ndikumuopera.

Chenjezo langa ndi ili. Mukaona Kapitawo akulephera kudzuka, akupuma movutika kapena motsegula kukamwa, akugwedezeka thupi lonse, kapena wazizira, musadikire kuti achimwene aweruke ndipo musadikire kuti mwina zimutha. Siyani msoko pakati, mukulungeni mu nsalu, thamangani naye. Mukakafika, yambani ndi chomwe mukuchita nacho manyazicho. Kapitawo sangawauze adokotala chomwe wapuma. Woti amunenere ndinu nokha, ndipo mukangokhala chete, iwo adzachita zonse zomwe angathe pochiza matenda omwe iye alibe.

Aphungu