Wogula Winayo

Achemwali okondedwa,

Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu anga? Nanga ana? Ife kuno tilipo, koma mtima wanga suli m'malo.

Nyumba ija yatipulumuka. Ija yopanda masitepe, imene tinkafuna kugulira bambo mwakachetechete kuti mawondo awo apumule kukwera nsanjika.

Ejenti wogulitsa nyumbayo ankati pali wogula wina. Ndikawonjezera mtengo, mawa lake ankati winayo wawonjezeranso. Nditatopa nazo ndinapita ku ofesi kwake, n'kumuuza maso ndi maso kuti munthuyo ndi wam'mutu mwake. Anaseka, anaimba foni, n'kuiika patebulo kuti ndidzimvere ndekha.

Anayankha mwamuna wachikulire, nati nyumbayo waikonda ndipo aikanso zina pamwamba. Kenako anakhosomola kawiri n'kuti "pepanitu", monga amachitira tikamadya.

Achemwali, anali bambo.

Ndinatola chikwama changa n'kutuluka. Mtengo unali utapitirira kale mphamvu zathu, ndipo ejentiyo anakopa nawo banja lina lomwe lalipira.

Mukukumbukira kaganyu koyankha mafoni kamene bambo amanyadira kaja? Ndi kameneka. Ndawafunsa mozungulira. Amauzidwa kuti n'zongofulumizitsa anthu olemera ozengereza, ndipo satchuliridwa nyumba kapena dzina la munthu. Tindalama take amandifumbatitsa m'manja, ati ndisunge, tsiku lina tidzapeze pathupathu. Ndakhala ndikulandira n'kumathokoza.

Mlamu wanu akuti tikam'sumire ejentiyo. Koma akaitana mboni, adzaimirire ndani? Mawu aja ndi a bambo.

Dzulo ndinangowauza kuti panali nyumba imene ndinkaifuna, koma wina wandiposa mtengo. Anasisita mawondo, kenako anati, "Usalire, mwanawe. Amene wakuchita zimenezi, Mulungu akumuona." Atatero anagwira chitsulo cha m'mbali n'kuyamba kukwera masitepe, akupumira panjira. Ndinalira ngati mwana.

Chonde, mukawaimbira musawauze. Muwanyengerere asiye ganyuyo, muziti ukalamba wafika, poti inu amakumverani. Koma akadzakufunsani za amene anandilanda nyumba, muzingoti sitikumudziwa.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Ambuye akusungeni, ndipo pemphero la bambo lija asaliyankhe.

Ndine,
mng'ono wanu